Chiganizo chimene ovota sanachikambe: kusanthula Proposition 13 ya ku California

Pa 6 June 1978 anthu a m'chigawo cha California ku America anaponya voti pa chikalata chachifupi chotchedwa Proposition 13. Pafupifupi 65 peresenti ya ovota anati inde, ndipo chikalatacho chinalowa m'malamulo aakulu a chigawocho ndi dzina loti Article XIII A. Monga anachibweretsera Howard Jarvis ndi Paul Gann, chinali ndi ndime zisanu ndi imodzi zokha. Ziwiri zomaliza ndi za mwambo chabe: tsiku loti lamulo liyambe kugwira ntchito, ndi mawu oti khoti likathetsa mbali imodzi zotsalazo zikhalebe. Nkhani yonse ili m'ndime zinayi zoyamba. Mpaka lero anthu akamakamba za lamuloli amatchula nambala imodzi, 1 peresenti. Koma wowerenga modekha, chiganizo ndi chiganizo, amapeza kuti kutsitsa msonkho ndi gawo laling'ono la zimene chikalatachi chinachita. Ntchito yake yaikulu inali kusintha wogwira thumba la ndalama za m'madera, ndi kusankha amene adzasenze katundu wotulidwa ndi eni nyumba.

Mkwiyo umene unabala lamuloli unali ndi maziko. Chaka cha 1978 chisanafike, khonsolo ya mzinda, boma laling'ono lotchedwa county, akuluakulu oyendetsa sukulu za dera, a zamadzi ndi ozimitsa moto, aliyense ankadziikira mlingo wake wa msonkho wa malo ndi nyumba. Zonsezo zikaphatikizidwa pa bilu imodzi zinkafika pafupifupi 2.67 peresenti ya mtengo wa nyumba. Mu 1966, pambuyo pa milandu ya ziphuphu imene inagwera ena mwa oyesa mitengo ya malo, nyumba ya malamulo inalamula kuti katundu yense aziyesedwa mofanana motsata mtengo wa pamsika. Ndiye mitengo ya nyumba itakwera mothamanga m'zaka za m'ma 1970, bilu nayo inathamangira limodzi. Munthu wopuma pantchito, amene anatsiriza kale kulipira nyumba yake, ankalandira bilu yokwera chaka ndi chaka pomwe penshoni ili pomwepo. Nthawi yomweyo boma la chigawo ku Sacramento linali litasunga ndalama zotsala pafupifupi madola 5 biliyoni. Panalibe chovuta kuuza anthu kuti boma lakhuta pomwe iwo akusowa mtendere m'nyumba zawo zomwe.

Ndime yoyamba imatsegula ndi lonjezo limene aliyense analimva: msonkho uliwonse wowerengedwa potsata mtengo wa malo ndi zomangidwapo usapitirire 1 peresenti ya mtengo wake wonse. Tione amene akutchulidwa m'chiganizocho. Pa misonkhano yokopa anthu ankanena za agogo othamangitsidwa m'nyumba zawo ndi msonkho, koma m'chikalatamo mulibe mawu oti mwini nyumba, mulibe wokalamba, mulibe wosauka. Muli malo ndi zomangidwapo basi. Fakitale ili momwemo, hotela ili momwemo, minda ya makampani, maofesi a nsanjika ndi nyumba za lendi zili momwemo. Jarvis mwiniyo anali mkulu wa bungwe la eni nyumba za lendi ku Los Angeles. Ndipo tisaganize kuti njira ina panalibe: pa pepala lomwelo lovotera panali ganizo lina, Proposition 8, lochokera ku nyumba ya malamulo, lolola kuti nyumba zokhalamo eni ake zizilipira mlingo wotsika kusiyana ndi malo a bizinesi. Ovota analikana. Zotsatira zake n'zakuti gawo lalikulu la ndalama zimene makhonsolo anataya silinapite m'matumba a agogo aja. Ponena za anthu a lendi, chikalatacho chili chete. Ambiri anayembekezera kuti eni nyumba akapepukidwa msonkho atsitsa lendi. Zitalephereka, mizinda monga Los Angeles, San Francisco ndi Santa Monica inakhazikitsa malamulo oletsa kukweza lendi mwachisawawa pofika 1979.

Chiganizo chachiwiri cha ndime yomweyo n'chachifupi, ndipo chimaoneka ngati cha akalaliki a mu ofesi. Chimati msonkho wa 1 peresentiwo uzitoleredwa ndi ma county ndipo uzigawidwa kwa mabungwe a m'maderawo motsatira lamulo. Apa ndiye pagona nkhani. Lamulo lake liti? Pa tsiku la voti lamulo lotero kunalibe, chifukwa kale kunalibe chogawana: aliyense ankatolera chake. Tsopano mabungwe ambirimbiri amene poyamba ankadziikira mlingo anapatsidwa mphika umodzi, wochepa kwambiri, popanda kuuzidwa womwe agwire chipande. Woyenera kulemba lamulo ku California ndi nyumba ya malamulo ku Sacramento. Choncho chikalata chimene chinabadwa ndi mkwiyo wolusira andale akutali chinapereka m'manja mwa andale omwewo mphamvu yonse yogawa msonkho wa m'madera.

M'chaka choyamba ndalama za msonkhowu zinatsika kupitirira theka. Bwanamkubwa Jerry Brown, amene analimbana ndi ganizoli asanavote, anatembenuka msanga n'kuyamba kulikwaniritsa. Patangotha milungu yochepa nyumba ya malamulo inavomereza lamulo lotchedwa SB 154, n'kutulutsa madola oposa 4 biliyoni pa ndalama zotsala zija kuti sukulu ndi makhonsolo asagwe. Ngakhale zinatero, madera ambiri anathetsa maphunziro a nthawi ya tchuthi chaka chimenecho, malaibulale anachepetsa maola otsegulira, ndipo ntchito zina zimene zinali zaulere zinayamba kulipiritsidwa. Mu 1979 kunabwera lamulo lokhalitsa, AB 8. Kagawidwe kake kanatsata zimene bungwe lililonse linkatolera m'zaka zingapo 1978 isanafike. Mzinda umene unkakhometsa msonkho waukulu nthawi imeneyo unalandira gawo lalikulu. Umene unkasamala ndalama n'kumakhometsa pang'ono unatsala ndi gawo laling'ono. Magawowo, ngakhale anakonzedwa apa ndi apo, akadali msana wa kagawidwe ka lero. Tawuni imene mu 1977 inali ya minda, lero yadzaza ndi anthu, imalandirabe molingana ndi zimene makhansala a nthawi imeneyo anasankha.

Wopatsa ndi yemwenso amalanda. Mu 1992 ndi 1993, chuma chitavuta pa nthawi ya Bwanamkubwa Pete Wilson, Sacramento inasintha kagawidwe kaja: inachotsa mabiliyoni a madola ku mizinda, ma county ndi mabungwe ang'onoang'ono n'kuwapititsa ku sukulu, kuti boma la chigawo lichepetse zimene likanayenera kupereka ku sukuluzo kuchokera m'thumba lake. Makhonsolo analira, koma mawu aja oti motsatira lamulo anawatseka pakamwa. Zinatengera voti ina mu 2004 kuti mphamvu imeneyi ichepetsedwe. Chinasokonekera apa ndi ubale wa khansala ndi womuvotera. Kale munthu akaona kuti msonkho wakwera ankadziwa khomo logogoda, ndipo akafuna laibulale yatsopano ankadziwa kuti mtengo wake uonekera pa bilu yake. Tsopano khansala ali ndi udindo wa msewu, apolisi ndi ozimitsa moto, koma alibe mawu pa msonkho waukulu wa dera lake.

Kachigawo kotsatira ka ndime yoyamba kamalola kuti ngongole zimene ovota anavomereza kale zipitirire kulipiridwa pamwamba pa 1 peresenti. Za ngongole zatsopano sikanena kanthu, ndipo kusanenako kunatanthauza kuletsa. Sukulu ndi mizinda zinkamanga makalasi ndi ngalande pobwereka ndalama zobwezedwa ndi msonkho wa malo. Njira imeneyo inatsekeka mpaka 1986, pamene ovota anaitsegulanso koma ndi chilolezo cha magawo awiri mwa atatu a oponya voti. Mu 2000 mlingowo unatsitsidwa kufika pa 55 peresenti pa ngongole zomangira sukulu. Pakati pa zaka zimenezo kunabadwa lamulo la Mello-Roos la 1982, lolola kuti malo omangidwa kumene akhale ndi msonkho wawo wapadera wolipirira misewu, sukulu ndi mapaipi. Wogula nyumba m'dera latsopano amalipira 1 peresenti monga aliyense, kenako n'kuwonjezera msonkho umene okhala m'madera akale sauona.

Ndime yachiwiri imamasulira mawu oti mtengo wonse, ndipo ndi pamene olemba anaonetsa luso lawo. Mtengo wonse, ikutero, ndi umene unalembedwa pa bilu ya msonkho ya 1975-76. Kuchoka apo mtengo uyesedwenso pokhapokha malowo akagulidwa, akamangidwa kumene, kapena umwini ukasintha. Pakati pa zochitika zimenezo ukhoza kukwezedwa motsata kukwera mitengo kwa zinthu, koma osapitirira 2 peresenti pa chaka. M'malamulo aakulu a dziko mumalembedwa mfundo zoti zikhale mibadwomibadwo. Muno munalembedwa chaka cha bilu. Chakacho chinabweza mitengo m'mbuyo zaka zitatu, ndipo mawu atatu otsatirawo, kugula, kumanga ndi kusintha umwini, anasintha chimene msonkhowu umayesa. Poyamba unkafunsa kuti nyumbayi ndi ya ndalama zingati. Tsopano umafunsa kuti unabwera liti.

Tanthauzo lake linaonekera bwino pa mlandu wa Stephanie Nordlinger. Mu 1988 anagula nyumba ku Baldwin Hills mu Los Angeles pa madola 170,000, ndipo bilu yake ya msonkho inafika madola 1,701. Atafufuza anapeza kuti akulipira pafupifupi kasanu kuposa anzake ena oyandikana nawo okhala m'nyumba zofanana ndi yake, amene analipo kuyambira 1975. Anatengera nkhaniyi ku khoti lalikulu la dziko lonse la America, ndipo mu 1992 oweruza asanu ndi atatu mwa asanu ndi anayi anagamula kuti lamuloli silikuphwanya mfundo yoti anthu azitetezedwa mofanana. Woweruza Harry Blackmun, amene analemba chigamulocho, anapereka zifukwa ziwiri zimene boma lingakhale nazo: kufuna kuti anthu akhazikike m'madera mwawo, komanso kuti wogula kumene amadziwa msonkho wake asanagule ndipo akhoza kusiya, pomwe wokhalamo kale alibe pothawira mitengo ikakwera. Zifukwazo si zopanda nzeru. Koma khoti silinanene kuti lamuloli ndi lolungama; linangoti malamulo aakulu a America sakuliletsa. Woweruza John Paul Stevens yekha anatsutsa, ndipo anaona m'lamuloli kubadwa kwa gulu la eni malo akale okhala ndi mwayi wosapezeka kwa obwera m'mbuyo. Mu 2003 mpondamatiki Warren Buffett anaulula yekha kuti pa nyumba yake ina ku Laguna Beach, ya mtengo wa madola 4 miliyoni, ankalipira madola 2,264 pa chaka, pomwe pa nyumba yake ya ku Omaha m'chigawo cha Nebraska, ya madola 500,000, ankalipira 14,401.

Mawu oti kusintha umwini nawo chikalatacho sichinawamasulire. Banja likagulitsa nyumba palibe chokayikitsa. Nanga malo a kampani, amene dzina la pa chikalata cha umwini silisintha ngakhale eni masheya asinthane kangati? Nyumba ya malamulo inagamula kuti malo otere ayesedwenso munthu mmodzi kapena bungwe limodzi likatenga gawo loposa theka. Maloya sanachedwe kuona khomo. Hotela ya Fairmont Miramar ku Santa Monica itagulidwa mu 2006, umwini unagawidwa mwanjira yoti pasapezeke mmodzi wopitirira theka, ndipo makhoti anavomereza kuti hotelayo isayesedwenso. Ovota nawo anawonjezera makomo awo: mu 1986 analola kuti makolo asiyire ana awo nyumba pamodzi ndi mtengo wake wakale wa msonkho, ndipo mu 1996 mwayiwo unafika kwa adzukulu ena. Mu 2020 anauchepetsa, kuti ukhale makamaka wa mwana amene akukhaladi m'nyumbamo. Chitetezo chimene chinapemphedwa m'dzina la nkhalamba chinali chitasanduka chuma cha masiye.

Ndime yachitatu ndi yachinayi zimatseka njira zothawira. Yachitatu imati boma la chigawo likafuna kukweza msonkho uliwonse pafunika magawo awiri mwa atatu a aphungu m'zipinda zonse ziwiri za nyumba ya malamulo. Apa chikalatacho chachoka pa msonkho wa nyumba. Chikukamba za msonkho wa pa malipiro, wa pogula katundu, wa mafuta. Yachinayi kalembedwe kake n'kochenjera. Imayamba ngati ikupereka: mizinda, ma county ndi mabungwe a m'madera akhoza kukhazikitsa misonkho yapadera. Kenako imaika mpanda: pokhapokha magawo awiri mwa atatu a ovota avomereze, ndipo msonkhowo usakhale wotsata mtengo wa malo. Mpandawu ndi wautali motani? Proposition 13 yeniyeniyo inapeza mavoti ochepera pang'ono magawo awiri mwa atatu. Ikanayesedwa ndi muyeso umene inaikira anzake, ikanagwa.

Msonkho wapadera n'chiyani, chikalatacho sichinanene. Mu 1982, pa mlandu wa mzinda wa San Francisco ndi Farrell, khoti lalikulu la California linati ndi msonkho umene ndalama zake zalonjezedwa ku ntchito imodzi yodziwika. Msonkho wongolowa m'thumba lalikulu la khonsolo suli wapadera. Pambuyo pake, makamaka ndi Proposition 218 ya 1996, unafunika chilolezo cha ovota ongopitirira theka. Zinthu zinakhala chadodolido. Khonsolo ikauza anthu mosabisa kuti ndalama izi n'zogulira galimoto zozimitsira moto, ikufunika magawo awiri mwa atatu. Ikapempha ndalama osanena ntchito yake, theka ndi voti imodzi zakwana. Ena anaphunzira kuika mafunso awiri pa pepala lovotera: limodzi la msonkho wamba, lina longopempha maganizo a anthu pa momwe ndalamazo zingagwiritsidwire ntchito. Ndipo popeza msonkho wotsata mtengo unaletsedwa, madera ofuna kuthandiza sukulu zawo anatembenukira ku msonkho wa pa puloti, umene nthawi zambiri umakhala wofanana kwa mwini kanyumba ndi mwini chinyumba. Madera olemera ndi amene amaupambanitsa kawirikawiri.

M'ndime zonsezi mulibe mawu oti sukulu, chipatala, msewu, apolisi kapena laibulale. Chikalatacho chimanena za ndalama zolowa, osatchula ngakhale kamodzi zimene ndalamazo zinkagula. Ochilemba ankati boma lili ndi mafuta ambiri, lidzangochepetsa kuwononga. Koma ovota sanafunsidwe kuti ntchito iti ithe, ndipo ntchitozo sizinathe. Walira mvula walira matope: mtengo wa ntchitozo unangosamukira kwina. Gawo lina linapita ku boma la chigawo, limene limadalira kwambiri msonkho wa pa malipiro, wokwera ndi kutsika motsata chuma. N'chifukwa chake bajeti ya sukulu ku California imanjenjemera misika ikagwa, ndipo mu 1988 ovota anachita kulemba m'malamulo aakulu gawo limene sukulu ziyenera kulandira. Pa sukulu tisaike zonse pa Proposition 13, pakuti zigamulo za mlandu wa Serrano za 1971 ndi 1976 zinali zitalamula kale kuti ndalama za mwana wa sukulu zisadalire kulemera kwa dera lake. Koma lamuloli ndi limene linasamutsa chikwama cha maphunziro kupita ku Sacramento, ndipo m'zaka zotsatira ndalama zimene California inkaika pa mwana mmodzi zinatsalira poyerekeza ndi zigawo zina zambiri.

Gawo lina linasamukira m'kakonzedwe ka mizinda. Mzinda umalandira gawo la msonkho wa katundu wogulitsidwa m'malire ake. Malo ogulitsira galimoto kapena sitolo zikuluzikulu zimabweretsa ndalama chaka ndi chaka, pomwe nyumba zokhalamo zimabweretsa ana ofuna sukulu, misewu yofuna kukonza, ndi msonkho wa malo wosakwera kupitirira 2 peresenti pa chaka, umenenso mzinda umangolandirako kagawo. Khansala wowerengera bwino amadziwa chimene angavomereze pa malo opanda kanthu. Akavomereza nyumba, amalipiritsa omanga ndalama zambiri za zilolezo ndi zachitukuko, ndipo ndalamazo zimakathera mu mtengo wa nyumbayo. Wogula kumene amalipira katatu: mtengo wokwera, msonkho wa mtengo watsopano, ndi zowonjezera za dera latsopano.

Kunena zoona, chimene lamuloli linalonjeza poyera linachichita. Mwini nyumba ku California amadziwa bilu yake ya chaka chamawa, ndipo kukwera mtengo kwa nyumba za anzake sikungamuchotse m'nyumba mwake. Makhonsolo nawo anapeza phindu limene sanaliyembekezere: popeza mitengo yolembedwa m'kaundula imakhala pansi pa ya pamsika, mitengo ya nyumba itagwa mu 2008 ndalama za msonkhowu sizinagwe mofanana. Funso ndi lakuti kodi chitetezo chimenecho chinkafunika kubwera pamodzi ndi zina zonsezi. Zigawo zina za America zimateteza wokalamba ndi wosauka mwachindunji, pomubwezera msonkho ukapitirira gawo lina la zimene amapeza, kapena pomulola kuti msonkho udzalipidwe nyumba ikadzagulitsidwa. Njira zimenezo zimatchula munthu wofuna thandizo ndipo mtengo wake umaoneka mu bajeti. Proposition 13 inasankha kutchula malo m'malo mwa munthu, ndi chaka m'malo mwa umphawi.

Mu 2020 ovota anafunsidwa ngati malo akuluakulu a bizinesi angayambe kuyesedwa pa mtengo wa pamsika, nyumba zokhalamo zisakhudzidwe. Ganizolo, Proposition 15, linagwa ndi mavoti pafupifupi 52 peresenti okana. Kulimba kwa lamuloli kukuchokera m'kalembedwe kake komwe. Wopindula amaona phindu lake pa pepala chaka chilichonse, ndi dzina lake ndi nambala yake. Wotaya salandira pepala lililonse: ndi wa lendi, ndi banja limene likufuna kugula nyumba yoyamba, ndi mwana amene laibulale ya kwawo imatseka msanga. Ndipo wogula kumene uja, akangokhala zaka khumi, amasanduka wakale, n'kuyamba kuteteza chimene chinamupweteka. Pakabwera ganizo lotsitsa msonkho wa nyumba kulikonse, nambala ya pamwamba ndiyo yosavuta kuimva, ndipo ndi imene idzanenedwe pa msonkhano. Bajeti ya khonsolo idzagamulidwa ndi ziganizo zotsatira: zonena amene akuphatikizidwa, wogawa zotsala, chaka choyambira kuwerenga, ndi mavoti ofunika kuti anthu adzasinthe maganizo.